Mphindi Ziwiri za Akamwini Anga

Ine sukulu ndinalekera Sitandade 5, ndipo sindibisa. Ine ndi aphunzitsi tinasiyana mwamtendere, iwo atatopa nane, inenso nditatopa nawo. Zotsalazo ndinakaphunzirira pakhonde la sitolo ku Limbe, pamene ndinapalasa makina osokera mpaka imvi zinamera. Mayi a kunyumba atatisiya, mwana wanga wamkazi, amene ndi nesi pachipatala cha boma ku Wakefield, ku Mangalande, anandiitana. Anati ndikakhala ndekha ndidzafa ndi njala ufa uli m'nyumba. Sananame.

Ndiye ndinakalowa m'nyumba ya akamwini anga. Taganizani. Kwathu ku Dedza wosamuka ndi mkamwini, amakamanga pakhomo pa apongozi ndipo amayenda monyang'ama. Kuno dziko linagadabuzika. Mpongozi ndiye ndinafika ndi sutikesi, n'kupatsidwa kachipinda kam'mwamba, ndipo ndikafuna kuwonjezera moto wotenthetsa nyumba ndimayamba ndaba kaye nkhope ya mwini wake. Koma ndisawadyere miseche yabodza, ndi munthu waulemu. Amasamalira okalamba ku Leeds, ali ndi madigiri awiri amene amagona m'kabati, ndipo mpaka lero sakhala pampando ine ndili chiimire.

Kudya za eni manja ali bwinobwino sindinazolowere. Mapepala atalongosoka ndinapeza ntchito panyumba ina yosungira okalamba, kuchipinda chochapira. Kuchapa, kusita, kubwezera mabatani, ndi kusokerera timayina m'makolala kuti agogo awa asavale juzi ya agogo awo. Nkhalamba kuchapira nkhalamba zinzake. M'chipindamo tinalimo awiri, ine ndi mayi wina wa ku Poland, wamfupi, wamanja ngati a mlimi, wosaseka wamba. Ndinamuphunzitsa kunditchula achimwene, ine n'kumamuti achemwali. Chizungu chathu tonse chinali cha zigamba zokhazokha, choncho tinkamvana bwino kuposa mmene tinkamvanirana ndi eni ake chinenerocho.

Kenako chinafika chaka chija eni dziko anayamba kukangana ngati akhalebe mumgwirizano wa mayiko a ku Ulaya kapena atulukemo. Mkangano unali paliponse. M'basi, pawailesi, pamzere wa kusitolo. Ngakhale kuntchito kwathu, agogo ena amene anaiwala mayina a ana awo ankakumbukira bwinobwino mbali imene ali. Ine poyamba ndinkangoseka. Ndinkati uwu ndi ukwati ukutha, nanga ankhoswe ali kuti? Ukwati wa zaka zonsezi ungathe ndi kuchonga pakapepala, popanda wina wokhazika pansi mbali ziwirizi n'kufunsa kuti kodi chavuta n'chiyani, ndi ndiwo kapena ndi kuchipinda? Koma ukamvetsera bwino, nkhani ya ukwati inkatha msanga, n'kutsala imodzi yokha: alendo achuluka.

Tsiku lina kunabwera khadi, dzina langa lili pamwamba. Mwana wanga ataliwerenga anati, "Adadi, mukavota nawo."

"Ine? Ukwati wa eni?"

"Inu amene. Anthu a m'mayiko amene ankalamulidwa ndi azungu a kuno amaloledwa, bola mapepala ali bwino."

Khadi lija ndinaliika m'thumba la pamtima n'kumayenda nalo ngati chithumwa. Telala wa pakhonde, wa Sitandade 5, akufunsidwa maganizo pa ukwati wa mayiko. Agogo anga ankathamangitsidwa ndi azungu omwewa chifukwa cha msonkho, lero zidzukulu zawo zikundifunsa ine kuti tipite kuti. Ndinakaonetsa achemwali m'mawa mwake, ndikudziguguda. Analiyang'ana, n'kulibweza, n'kupitiriza kupinda mashiti a pabedi. Apo m'pamene ndinadziwa kuti iye khadi sanalandire. Anthu a kwawo sankaloledwa. Anabwera kuno ine ndisanabwere, koma pankhani yonena za iye mwini analibe pakamwa.

Kunyumba akamwini anali a mbali yotuluka, ndipo osawaona kufatsa, pankhani iyi ankayaka.

"Adadi, tamverani," ankatero. "Wa ku Ulaya amakwera basi Loweruka, Lolemba wayamba ntchito. Ife? Viza, mayeso, mayeso enanso a Chizungu chimene tinachiyamba tili ndi mamina. Mlongo wanga ndi nesi wathunthu, zaka zikungopita akudikira. Akatuluka awa, khomo lidzakhala limodzi kwa tonse. Ine sindidana ndi munthu, ndikungofuna sikelo ikhale imodzi."

Mlongo wawoyo ndimamudziwa, ndi mwana wolimbikira. Ndikakhala kunyumba ndinali wotuluka, ndikafika kochapira ndinali wokhala. Amati mapanga awiri avumbwitsa, ine ndinavumbwa mwezi wathunthu.

Lachitatu lina achemwali anafika ndi kapepala kamene anatola pakhomo la tchalitchi. Loweruka masana kukhala msonkhano muholo, mbali zonse ziwiri zidzakhalapo, ndipo aliyense wofuna kulankhula adzapatsidwa mpata. Anazimitsa makina ochapira kuti ndimve bwino, chinthu chimene sankachita.

"Achimwene, mupite mukandifunsire."

"Bwanji osakafunsa nokha, achemwali? Pakamwa muli napo, ine ndimapadziwa."

"Ine ndikatsegula pakamwa samva mawu, amamva lilime. Dzana bambo wina musitolo anandimva ndikulankhula pafoni, n'kundiuza kuti ndiyambe kulongedza. Inu amakusekererani, ndinu nkhalamba ya tayi."

"Ndikafunse chiyani?"

"Mukafunse kuti akatuluka, ife atithamangitsa kapena ayi. Basi."

Anasalaza thaulo limene linali losalala kale. Kenako anandiuza zimene sanandiuzepo zaka zonse tinagwirira limodzi. Mwamuna wake ankanyamula katundu m'nyumba zazikulu zosungiramo katundu zija zili m'mbali mwa msewu waukulu. Anadwala, anamwalira, ndipo anamuika konkuno, kumanda a mumzinda. Lamlungu lililonse amapita kukatsuka mwala ndi kuyatsa kandulo m'kabotolo kofiira, monga amachitira kwawo. "Ndikapita, adzatsuka ndani?" anatero.

Ndinavula chipewa. Ndinati, "Achemwali, kwathu munthu sadzinenera yekha mlandu, amakhala ndi nkhoswe. Kuyambira lero nkhoswe yanu ndine. Mawu anu akamveka muholomo, ndikapanda kutero mudzandisite ndi simbi iyi."

Masiku atatu amenewo ndinayeserera mawu anga pamalaya a agogo onse a m'nyumbamo. Loweruka m'mawa ndinasita suti, ndinapukuta nsapato. Mwana wanga, akuthamangira shifiti, anaima pakhomo.

"Adadi, akuti aliyense mphindi ziwiri zokha. Musakayambe zakwathu zija."

"Mwana iwe, ine ndinayamba kulankhula pamaliro ndi pazinkhoswe iwe usanabadwe. Pita ukabaye anthu jakisoni."

Tinapita pagalimoto ya akamwini, iwo ali ndi pepala lawo lotayipa bwino, masamba awiri, limene analiyeserera sabata yathunthu kubafa, akuganiza kuti madzi akubisa mawu. Zoti ndikukalankhulira mbali ina ankadziwa. Sitinakambe. Mpongozi ndi mkamwini sakangana m'galimoto, amangoyamikira nyengo, ndipo tsikulo kunkagwa mvula.

Holo inali yodzaza. Kutsogolo kunali matebulo awiri, la okhala ndi la otuluka, pakati pali abusa a patchalitchipo otsogolera zonse. Pambali pawo panakhala mayi wina woonda, magalasi ali pansonga ya mphuno, kutsogolo kwake kuli wotchi ndi kabelu kogogoda ndi chikhatho. Wofuna kulankhula ankatenga nambala pakhomo. Ine ndinatenga seveni, akamwini eyiti. Achemwali anakhala kumanzere kwanga atavala jasi lakuda, chikwama atachikumbatira pamiyendo. Akamwini anakhala mzere wakutsogolo kwathu.

Anthu anayamba. Ndinadabwa kuti munthu amangoimirira, osapereka moni kwa aliyense, n'kuyamba kukalipa ngati wapeza mbuzi m'munda mwake. Wina anati kuchipatala mzere watalika chifukwa cha alendo. Ndinafuna kumufunsa kuti akafika kutsogolo kwa mzerewo amamulandira ndani, koma nambala yanga inali isanakwane. Mtsikana wina anati akufuna kukaphunzira kunja popanda zovuta. Kenako mdala wina wa ndodo, baji ya otuluka ili pachifuwa, anati iye anagwira ntchito mumgodi wa malasha mpaka anautseka, ndipo kuyambira pamenepo palibe anabwerapo kudzamufunsa kanthu, ndiye poti lero amufunsa, ayankha mokweza. Ameneyo ndinamumvetsa. Mumtima ndinati anthu awa mfundo ali nazo, koma mwambo alibe. Dikirani aone mmene amalankhulira munthu woleredwa.

"Nambala seveni."

Ndinaimirira, ndinamanga batani la jekete, ndinalandira chimkuzamawu ndi manja awiri. Ndinayamba ndi abusa, monga mwa dongosolo. Ndinawathokoza chifukwa chondipatsa mwayi, ine wosayenera, ndipo ndinapempha kuti kudzera mwa iwo mawu anga afike kwa onse. Ndinapereka ulemu kwa mayi a belu, pa ntchito yolemetsa imene anasenza. Ndinatembenukira ku tebulo la kumanja, ulemu wawo mmodzimmodzi, atatu onse. Tebulo la kumanzere chimodzimodzi, kuti wina asadandaule kuti ndakondera. Amayi amene anatiphikira tiyi kumbuyo sindinawaiwale. Akuluakulu onse, amayi, abambo, achinyamata. Kenako ndinafunsa holo yonse kuti yaswera bwanji, ndipo ndinadikira yankho, pakuti moni wosadikira yankho ndi chipongwe. Anayankha apa ndi apo, ena akuseka. Ndinati akusangalala nane. Ndinawauza kuti inenso ndaswera bwino, kupatula bondo. Ndinafotokoza kumene ndichokera, ndi kuti mwana wanga ndi nesi, mwina ena mwa iwo anawagwirapo. Nditaona kuti bwalo lakonzeka, ndinapuma mpweya n'kunena kuti tsopano ndifike pa chimene ndaimirira.

Ngee.

Ndinayang'ana mayi a belu, n'kuwagwedezera mutu kuwathokoza, ndikuganiza kuti akuvomereza. Anagogodanso kawiri.

"Nthawi yanu yatha, bambo."

"Mayi, sindinayambe."

"Mphindi ziwiri ndi za aliyense. Pepani."

Holo inaphulika ndi chiseko. Sichinali chiseko cha nkhanza, koma chiseko ndi chiseko. Abusa anabwera n'kutenga chimkuzamawu mwaulemu, ngati akulanda mpeni kwa mwana. Ndinakhala pansi. Ine amene ndinaweruzapo maukwati ovuta, amene ndinkaitanidwa midzi itatu kukalankhula pamanda, ndagwetsedwa ndi kabelu kosakwana m'chikhatho. Koma manyazi anga sanali kanthu. Ndinayang'ana kumanzere. Achemwali sanandiyang'ane, sanandikalipire. Ankangoyang'ana manja ake pachikwama paja. Munthu anandipatsa mawu ake onse, ine ndawamwaza pa moni.

"Nambala eyiti."

Akamwini anaimirira ndi masamba awo awiri. Anatambasula pepala lija. Analiyang'ana, anatembenuka n'kundiyang'ana ine, kapena ndinene kuti anayang'ana tayi yanga, chifukwa m'maso sandiyang'ana. Kenako analipinda kanayi n'kuliika m'thumba.

"Abusa," anatero m'Chizungu chawo chosalala chija, "amene angokhala pansiwa ndi apongozi anga. Ine ndi iwo tili mbali zosiyana pankhaniyi. Koma kwathu mkamwini salankhula mawu a apongozi ake akadali m'kamwa. Mphindi zanga ziwiri ndawapatsa iwo."

Mayi a belu anayang'ana abusa pamwamba pa magalasi. Abusa anayang'ana kudenga, kumene amapeza mayankho, n'kugwedeza mutu. Akamwini anabwera ndi chimkuzamawu, anapinda bondo pang'ono, n'kundipatsa dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja. Akundipatsa anandinong'oneza m'Chichewa: "Adadi, moni wafika kale kwa onse, mpaka a tiyi. Lunjikani."

Ndinalunjika. Chizungu chimene ndinayeserera chinathawa chonse, ndinangotola chimene chinatsala.

Ndinati, "Ine ndili ndi voti. Mayi ali apawa alibe, ngakhale anabwera ine ndisanabwere. Ife awiri timachapa zovala za makolo anu. Zina mwa zovalazo inu simungazigwire. Sitidandaula, ndi ntchito. Mukuti alendo achuluka. Mwina n'zoona, ine sindinawerenge. Kwathu timati mlendo ndi mame, dzuwa likatuluka wapita. Koma munthu amene anakumba manda pamudzi n'kuikamo wake, ameneyo kwathu sitimutchulanso mlendo. Dothi linamulandira kale, ndipo dothi silifunsa pasipoti. Mwamuna wa mayi awa ali m'manda anu a mumzinda muno. Lamlungu lililonse amakatsuka mwala wake. Ndiye andituma kuti ndifunse funso limodzi, ndipo ndikufunsa matebulo onse awiri. Mukatuluka, mayi awa akhala kapena muwathamangitsa? Mukawathamangitsa, mundiuze lero amene adzatsuke mwalawo, ndimulembe dzina."

Ndinakhala pansi belu lisanalire. Mayi aja anatsala dzanja lili m'mwamba, alibe chogogoda.

Palibe anaseka. Bambo wina wa tayi yabwino pa tebulo la otuluka anati palibe amene akukamba zothamangitsa anthu okhazikika. Mayi wa tebulo linalo anati bamboyo alibe mphamvu yolonjeza zimenezo. Anayambanso kulumana okhaokha, ndipo nambala naini anaimirira n'kuyamba za nsomba za m'nyanja yawo. Yankho lenileni sitinalipeze, ndisanamize anthu. Koma funso linamveka, holo yonse inalimva, ndipo mitu yambiri inatembenuka kuyang'ana jasi lakuda lija, osati mwaukali.

Pa nthawi ya tiyi ndinaona mdala wa kumgodi uja akubwera molunjika kwa ife, ndodo ikugogoda pansi, baji ili ng'aning'ani. Ndinaika kapu pansi n'kuima kutsogolo kwa achemwali, pakuti nkhoswe ndiye amalandira mikwingwirima. Anandikankhira pambali ndi ndodo ngati akutsegula chitseko cha khola.

"Mbali iti?" mdalayo anafunsa achemwali.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe, koma achemwali anandipitirira. "Kumtunda kwa manda, pafupi ndi mpopi."

"Mpopi wosatseka bwino uja? Ndiye ndinu a makandulo ofiira. Mkazi wanga ali mizere iwiri kumunsi kwanu, pansi pa mtengo." Anakanda chibwano. "Ine ndivotabe zotuluka, musaganize kuti nkhalamba yanuyi yandigula."

"Votani," anatero achemwali. "Koma mwala wa pansi pa mtengowo ndimauona. Wachita ndere. Mumatsuka ndi chiyani?"

"Madzi."

"Madzi okha? Akazi anu anakuchapirani zaka zingati, inu n'kumawapatsa madzi okha?"

 Achemwali anaika chikwama pampando, manja onse awiri anamasuka, n'kuyamba kumulangiza za bulashi yofewa ndi sopo wake, lilime lomwe lija ankaliopa lili pamtunda, anthu akumva. Ine ndinaima pambali ndi bisiketi yanga, wopanda ntchito. Palibe anandifunsanso kanthu.

Pobwerera, tisanalize galimoto, ndinati, "Akamwini, tulutsani pepala lija muwerenge."

"Adadi, zatha."

"Werengani. Ine belu ndilibe."

Anawerenga masamba onse awiri, mvula ikugogoda padenga la galimoto, womvera ndili ndekha. Zinali zomveka, zoyalidwa bwino kuposa zanga, ndipo za mlongo wawo zinandikhudza. Akanaziwerenga muholo muja akanawomberedwa m'manja. Ndinawauza choncho. Kunyumba ndinauza mwana wanga kuti anakwatiwa ndi munthu, mawu amene sindinawanenepo chikwatireni. Anandigwira pachipumi kuona ngati ndatentha thupi.

Tsiku lovota tinapita limodzi, aliyense n'kulowa m'kabokosi kake. Otuluka anapambana, akamwini sanadzitame, inenso sindinalire. Achemwali anakhala nthawi yaitali mtima uli m'mwamba, kenako kunabwera zolembetsa za pafoni za alendo ofuna kukhalabe, analembetsa, ndipo alipobe. Masiku ano amadzilankhulira yekha paliponse, kwa dokotala, kukhonsolo, ngakhale pamsonkhano wa antchito pamene abwana amachita kuyang'ana wotchi. Unkhoswe wanga unathera muholo muja, wa tsiku limodzi.

Kuthokoza kwake ndinakulandira Lolemba lotsatira msonkhano. Ndinalowa m'chipinda chochapira chifuwa chili patsogolo, ndikudikira mawu okoma. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, n'kundiponyera mtolo wa mapilo.

"Achimwene, nthawi yonse munaimirira ija, kolala ya jekete yanu inali yopindika kumbuyo. Ulendo wina muzibwera ndikuoneni kaye."